Mlonda wa Mbewu Wotchedwa BABA

Kodi mukudziwa kuti mbewu nayo ingachenjezedwe mdani asanafike? Mapuloteni amamangidwa ndi timagawo ta mitundu 20 totchedwa amino asidi. Koma alipo amino asidi wina, BABA, amene samanga nawo puloteni. Ntchito yake nkugalamutsa mbewu.

Mu 1963 akatswiri a ku America adaona kuti amateteza nsawawa ku matenda owoletsa mizu. Mu 1994 Yigal Cohen wa ku Israel adasonyeza kuti amatchinjiriza matimati ku chiwawu. BABA sapha tizilombo ayi. Mbewu yopoperedwa imangokhala tcheru: matenda akabwera imadziteteza msanga, chilala chikagwa imatseka timabowo ta m'masamba kuti madzi asathawe.

Komabe mukachulutsa muyeso, mbewu imapinimbira, pakuti mlonda wosagona amafooka.