Alonda a kuthambo amene saphethira

Mu Ogasiti 1963, mayiko a America, Britain ndi Soviet Union adasayinirana pangano loleka kuyesera mabomba a nyukiliya mumlengalenga, m'madzi ndi kuthambo. Adagwirana chanza, koma mitima idali yosakhulupirirana. Pasadathe miyezi itatu, America idatumiza kuthambo masetilaiti awiri otchedwa Vela kuti azisuzumira ngati wina angaphulitse bomba mwamseri kutali ndi dziko. Bomba lotere likaphulika limalavula cheza champhamvu cha X-ray ndi cha gamma, ndipo zida za m'masetilaitiwo zidapangidwa kuti zizimva cheza chimenechi.

Pa 2 Julayi 1967 zidazo zidamvadi kanthu. Cheza cha gamma chidang'anima kwa masekondi angapo n'kuzima, koma kang'animidwe kake sikadali ka bomba. Masetilaiti ena a Vela atatumizidwa, zomwezi zidachitikanso kangapo. Akatswiri atatu a ku Los Alamos, Ray Klebesadel, Ian Strong ndi Roy Olson, adayerekeza nthawi imene chezacho chinkafikira pa setilaiti iliyonse, ndipo adapeza kuti sichinkachokera padziko pano kapena kudzuwa. Mu 1973 adalengeza za kuphulika 16 kochokera kutali kuthambo, kumene palibe munthu ankadziwa chimene chikukuyambitsa.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi ichi: sayansi imene idabadwira m'kukayikirana kwa mayiko lero siingayende popanda kuuzana msanga, ndi kuuza aliyense.

Tiyambe ndi chezacho. X-ray amene amatijambula naye chifuwa kuchipatala ndi kuwala ndithu, kwa mtundu umodzi ndi kuwala kwa dzuwa, kungoti n'kwamphamvu kwambiri ndipo maso athu sakuona. Cheza cha gamma n'champhamvu kuposa pamenepo. Kuthambo, kuwala kotere kumachokera m'malo ankhanza zedi, kumene mpweya watentha kufika madigiri mamiliyoni, kapena kumene nyenyezi ikufa. Mpweya wokuta dziko lathu umameza chezachi chisadafike pansi. Umenewu ndi mwayi wathu, koma zikutanthauza kuti wofuna kuchiona ayenera kukweza zida zake pamwamba pa mpweyawo. Riccardo Giacconi ndi anzake adachita zimenezi ndi roketi mu 1962, ndipo mu Disembala 1970 setilaiti yoyamba yofufuza X-ray yekhayekha, Uhuru, idanyamuka pansanja yomangidwa panyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya.

Zimene zida zimenezi zidaonetsa n'zosiyana ndi thambo lomwe timalidziwa. Akamwiniatsatana ndi Nsangwe ali pomwe agogo athu adawaona, akuwala monga ankawalira kalelo. Thambo la X-ray ndi gamma silikhazikika. Pamene padalibe kanthu dzulo, lero pakuwala kuposa pena paliponse, ndipo mwezi wamawa pazimanso. Kwina kuwalako kumatha miyezi, kwina maola. Kuphulika kwa gamma kumatha mphindi zochepa, nthawi zina osakwana n'sekondi imodzi yomwe, ndipo sikubwereza pamalo amodzi.

Apa ndiye pagona vuto. Telesikopu yaikulu imaona kachigawo kakang'ono ka thambo panthawi imodzi, ndipo palibe angalosere kumene kuphulika kotsatira kudzachokere. Zili ngati kukhala m'nyumba usiku wa dzinja: mphezi yang'anima, chipinda chonse chayera, koma pofika pawindo kunja kwada kale ndipo simungaloze kumene yagwa. Kwa zaka zoposa 20 akatswiri a zakuthambo adali anthu ofika pawindo mochedwa.

Chida chotchedwa BATSE, chimene chidakwera pa setilaiti ya Compton mu 1991, chidawerenga kuphulika 2,704 m'zaka zisanu ndi zinayi, pafupifupi kamodzi patsiku. Atakulemba pamapu, kudamwazikana mofanana mbali zonse za thambo. Nyenyezi za mumlalang'amba wathu zidaunjikana mumzere woyera uja timauona usiku kopanda mwezi, ndiye kuphulikako kukadakhala kochokera mwa izo kukadaunjikananso mumzere womwewo. Bohdan Paczyński adati kukuchokera kutali kwambiri, m'milalang'amba ina. Donald Lamb adati kukuchokera m'mphepete mwa mlalang'amba wathu womwewu. Mu 1995 awiriwa adatsutsana pagulu ku Washington, ndipo mlandu sudathe, chifukwa BATSE inkangoloza dera lalikulu momwe muli nyenyezi zosawerengeka.

Idathetsa mkanganowo ndi setilaiti yaing'ono ya Italy ndi Netherlands, BeppoSAX. Pa 28 Febuluwale 1997 idamva kuphulika, ndipo patatha maola asanu ndi atatu oyendetsa ake adaitembenuza kuti iyang'ane pamalopo. Idapeza kuwala kwa X-ray kukuzilala pang'onopang'ono. Gulu la Jan van Paradijs lidalozako telesikopu ya pachilumba cha La Palma n'kupeza kadontho ka kuwala wamba, nakonso kakuzilala. Mu Meyi chaka chomwecho mtunda wa kuphulika kwina udayezedwa, ndipo zidapezeka kuti kuwalako kudayenda zaka mabiliyoni kusadatipeze. Paczyński adalondola. Ndipo ngati chinthu cha kutali chomwecho chikuoneka chowala chotere, ndiye kuti m'masekondi ochepa chimatulutsa mphamvu yofanana ndi imene dzuwa lidzatulutse pa moyo wake wonse wa zaka mabiliyoni khumi.

Lero tikudziwa njira ziwiri zazikulu. Kuphulika kopitirira masekondi awiri kawirikawiri ndi imfa ya nyenyezi yaikulu kuposa dzuwa maulendo makumimakumi. Mafuta ake akatha, pakati pake pamagwera mkati n'kusanduka black hole, malo amene mphamvu yokoka imakula mpaka kuwala komwe sikungathawemo. Zina mwa zimene zikugweramo zimalavulidwa m'mitsinje iwiri yopapatiza yothamanga pafupifupi liwiro la kuwala, ndipo timaona kuphulikako pokhapokha mtsinje umodzi utaloza kuno. Kuphulika kwakufupi kumabwera nyenyezi ziwiri za neutron zikawombana. Izi ndi zotsalira za nyenyezi zakufa, makilomita pafupifupi 20 okha kukula kwake, koma iliyonse yolemera kuposa dzuwa.

Maola asanu ndi atatu a BeppoSAX adali ochuluka. Munthu amene ndimaona kuti satchulidwa mokwanira pankhaniyi ndi Scott Barthelmy wa ku Goddard, nthambi ya NASA. Iyeyu sadatulukire nyenyezi yatsopano. Adalumikiza makompyuta kuti setilaiti ikangomva kuphulika, uthenga wonena malo ake uzifika kwa aliyense wolembetsa m'masekondi ochepa, kwaulere. Njira imeneyi, yotchedwa GCN, ikugwirabe ntchito. Pa 23 Januwale 1999 uthenga wotere udafika pa kamakina kodziyendetsa kokha kotchedwa ROTSE ku Los Alamos, kopangidwa ndi magalasi a makamera wamba. Kadatembenuka n'kuyamba kujambula patangotha masekondi 22, kuphulikako kukadali mkati. Kudali koyamba kuti munthu akhale pawindo mphezi ikung'anima.

Setilaiti ya Swift, imene idanyamuka pa 20 Novembala 2004, idamangidwa pa nzeru yomweyo. Cheza cha gamma sichingasonkhanitsidwe ndi galasi, chimangobowola n'kupita. Choncho pamwamba pa chida chachikulu cha Swift adaikapo thabwa lomatidwa timatailosi tamtovu pafupifupi 52,000, tomwazidwa mosatsata ndondomeko. Cheza chikafika, timatailosito timagwetsa chithunzithunzi pa zida zomvera zimene zili pansi pake, ndipo kompyuta ikaona kumene chithunzithunzicho chapendekera imadziwa kumene chezacho chachokera. Kenaka setilaitiyo imadzitembenuza yokha, osadikira lamulo la munthu, ndipo pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri matelesikopu ake awiri aang'ono amakhala atayang'ana pamalopo. Yakhala ikupeza kuphulika pafupifupi 100 pachaka. Zambiri zimene yasonkhanitsa zimatsikira pa siteshoni ya Ataliyana ku Malindi komwe kuja, ndipo zimaikidwa poyera nthawi yomweyo, osati kusungira eni ake kaye. Pa 19 Malichi 2008 idagwira kuphulika kowala mwakuti kwa theka la mphindi munthu akadatha kukuona ndi maso, ngakhale kuwalako kudanyamuka zaka 7.5 biliyoni zapitazo, dziko lathu lisadakhaleko.

Ulondawu sugwira zakutali zokha. Chida cha ku Japan chotchedwa MAXI chakhala pa International Space Station kuyambira 2009, ndipo chimasesa pafupifupi thambo lonse pa mphindi 92 zilizonse. Mumlalang'amba wathu muli ma black hole amene amakhala chete zaka zambiri, akuyamwa mpweya wa nyenyezi yoyandikana nayo pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mpweya wounjikanawo umakhuthukira mkati n'kuyaka X-ray. Imodzi yotere, V404 Cygni, idayaka mu 1989 n'kugona zaka 26. Swift idaimva ikudzuka pa 15 Juni 2015, ndipo ena mwa amene adathandiza kuilondola usiku ndi usiku adali anthu wamba okhala ndi matelesikopu kuseri kwa nyumba zawo.

Tsiku limene dongosolo lonseli lidaonetsa phindu lake ndi 17 Ogasiti 2017. Nthawi ya kuno idali 2:41 masana pamene makina a LIGO ku America adamva kunjenjemera kwa mlengalenga weniweniwo, mafunde amene Albert Einstein adalosera mu 1916, ochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron zimene zinkazungulirana mpaka kuwombana. Patatha masekondi 1.7, setilaiti ya Fermi idamva kuphulika kwakufupi kwa gamma, n'kutumiza uthenga yokha. Setilaiti ya ku Ulaya, INTEGRAL, idamvanso. Pophatikiza ndi zimene makina a Virgo ku Italy adaonetsa, malo ake adapezeka kuti ali kuthambo la kummwera, pafupi ndi dzuwa, moti ankaoneka kanthawi kochepa kukangoda. Akatswiri adadikira kuti ku Chile kude. Patatha maola pafupifupi 11, telesikopu ya Swope, yagalasi la mita imodzi yokha, idapeza kadontho katsopano mumlalang'amba wa NGC 4993, kumene kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni kuti kufike kuno.

Dziko likamazungulira, ntchito inkapatsiranidwa kuchokera ku Chile kupita ku Australia, kenaka ku South Africa, kumene SALT, telesikopu yaikulu ya ku Sutherland, idasanthula kuwalako m'masiku oyambirira. Malo oonera zakuthambo pafupifupi 70 adatengapo mbali. Kadonthoko kadayamba kobiriwira n'kufiira m'masiku ochepa, monga momwe zidayenera kukhalira ngati m'phulusa la kuwombanako mukupangika zitsulo zolemera za mtundu wa golide ndi platinamu. Lipoti lalikulu lofotokoza zonsezi lili ndi mayina a alembi oposa 3,000. Palibe dziko limodzi limene likadatha kuchita zimenezi palokha, chifukwa palibe dziko limene kumakhala usiku maola onse.

N'chifukwa chake kummwera kwa Africa si oonerera chabe. Kumapiri a Khomas ku Namibia kuli matelesikopu asanu a H.E.S.S., amene amagwira kuwala kobiriwira kosatha n'kuphethira komwe, kumene kumabadwa cheza cha gamma champhamvu kwambiri chikagunda mpweya wa dziko. Mu Ogasiti 2019 adalondola zotsalira za kuphulika kwina usiku utatu wotsatizana. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, kuli mbale 64 za MeerKAT zomvera mafunde a wailesi. Uthenga wa GCN ukalira usiku wa kuno, maso amene ali pamalo abwino nthawi zambiri amakhala amenewa.

Mwina mukufunsa ngati zinthuzi zingatipweteke. Pa 9 Okutobala 2022 kudafika kuphulika kowala kuposa kwina kulikonse kumene kudalembedwapo. Kudathobwa zida za masetilaiti angapo, n'kusokoneza mpweya wa pamwamba penipeni pa dziko, ngakhale kuwalako kudayenda zaka pafupifupi mabiliyoni awiri. Akatswiri akuti kotere kumafika mwina kamodzi pa zaka 10,000. Pansi pano palibe adamva kanthu. Kuti kutivulaze kungafunike kuchitikira mumlalang'amba wathu momwemu, pafupi, mtsinje wake utaloza kuno ndendende.

Nkhawa yanga ili pena. Alondawa akukalamba, ndipo ndalama zimathamangira matelesikopu a zithunzi zokongola kusiyana ndi chida chimene ntchito yake ndi kudikira. Swift idapangidwa kuti igwire ntchito zaka ziwiri. Pofika 2025 idali itatsika kuchoka pa makilomita 600 kufika pafupifupi 400, ikukokedwa ndi mpweya, moti NASA idapangana ndi kampani ya Katalyst kuti itumize chombo chokaikankhira m'mwamba pamtengo wa madola 30 miliyoni. Zatsopano zilipo: China idatumiza Einstein Probe mu Januwale 2024, yokhala ndi maso otengera kapangidwe ka diso la nkhanu ya m'nyanja kuti ione dera lalikulu nthawi imodzi, ndipo mu Juni chaka chomwecho China ndi France adatumiza SVOM. Zonsezi zimalengeza zimene zaona kudzera pa GCN, ndipo ndikulakalaka kuti ndale za mayiko zisadzatseke khomo limenelo.

Taonani mmene zidalili zothina tsiku lija la 2017. Swift sidaone kanthu, chifukwa dziko lidaitchinga mbali imeneyo. Fermi idali itatsala mphindi ziwiri zokha kuti ilowe m'dera la pamwamba pa nyanja ya Atlantic chakummwera, kumene zida zake zimazimitsidwa pofuna kuziteteza. INTEGRAL, mboni yachiwiri ija, idasiya kugwira ntchito mu Febuluwale 2025.