Amisiri a Mawailesi Akutha, Kwatsala Osintha Masikilini

Mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande, mabenchi a okonza mafoni ali ponseponse. Mukafunsa wokonza wailesi akulozerani kuseri, kwa bambo wachikulire wokhala pakati pa mulu wa mawailesi afumbi omwe eni ake sanabwerenso kudzatenga.

Kale ntchitoyi inali ya ulemu wake. Wailesi, kaya ya Nzeru yopangidwa konkuno kapena yobwera ndi a ku Joni, inali chuma cha pabanja, paja wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Ikasiya kulankhula, mmisiri ankaitsegula n'kumafufuza ndi mita yake mpaka atapeza thiranzisita yomwe yapsa. Kumudzi kopanda magetsi ankatenthetsa chitsulo pambaula, n'kudontheza mtovu podukapo. Zipangizo ankazula m'mawailesi ena akufa, n'chifukwa chake sankataya kanthu. Amisiri ambiri sanapite kusukulu ya ntchito zamanja. Anayamba ali ana, kuchotsa kamota m'wailesi ya kaseti, kuyanika mabatire akutha padzuwa, kuyatsa kababu ka tochi, kenaka kukwapulidwa chifukwa chomasula wailesi ya abambo.

Chawagwetsa ndi mtengo. Kawailesi ka ku China n'kotchipa moti kukakonzetsa n'kuwononga ndalama, ndipo ukakatsegula nzeru zonse zili m'kachipu kamodzi kosatheka kukonza. Nayonso foni ya Itel imagwira FM. Si kuno kokha: ku America kampani ya Heathkit, yomwe inkagulitsa zipangizo zoti munthu adzipangire yekha wailesi kunyumba, idasiya malondawo mu 1992, ndipo ku Britain masitolo a Maplin, omwe ankagulitsa zipangizo zoterezi, adatsekedwa mu 2018.

Anyamata a mafoni ndalama akuzipeza ndithu. Tsiku lonse ndi sikilini yosweka, batire yotupa, pachaja posagwira, foni yogwera m'madzi. Amaphunzirira kwa anzawo ndi pa YouTube. Alipo akatswiri enieni, amene amachotsa kachipu ndi mpweya wotentha n'kukabwezera, koma n'ngowerengeka. Ambiri amadziwa kusintha basi. Vuto likalowa mkati amangoti, "Bwana, iyi ndiye yapita, ingogulani ina."

Achikulire aja amene akudyabe ndi omwe adatembenukira ku zokuzira mawu za m'matchalitchi ndi za paukwati, ndi zipangizo za magetsi a sola. Izi n'zodula, mwini wake sangazitaye, ndipo zikapsa anyamata a mafoni amazitumiza kuseri komweko.