Kampani ya boma imene imagwedeza mtengo wa yureniyamu

Mgodi wa Kayelekera ku Karonga utaima mu 2014, mabanja amene ankadalira malipiro a pamgodipo anagwira njakata. Kampani ya Paladin ya ku Australia inati mtengo wa yureniyamu walowa pansi chichitikire ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan mu 2011. Koma panalinso chifukwa china chimene sichinkamveka kawirikawiri kuno kumudzi: dziko la Kazakhstan linali litadzaza msika ndi yureniyamu wotchipa.

Dzikoli, lomwe lachita malire ndi Russia komanso China, lakhala likutsogola pa ulimi wa pansi pa nthakawu kuyambira mu 2009. Pa matani 100 alionse a yureniyamu amene amakumbidwa padziko lapansi, pafupifupi 40 amachokera kumeneko. Mwini filimu ndi Kazatomprom, kampani imene boma la dzikolo linakhazikitsa mu 1997.

Chinsinsi chawo chagona pa kakumbidwe. Ku Kayelekera amaphwanya miyala m'dzenje lalikulu, n'kuinyamula pa magalimoto kukaipera. Ku Kazakhstan za dzenje kulibe. M'chipululu cha kummwera kwa dzikolo amaboola zitsime zonga mijigo, n'kupopera pansi madzi osakaniza ndi asidi. Asidiyo amasungunula yureniyamu mumchenga wa pansiwo, ndipo zitsime zina zimakoka madziwo kubwera nawo kumtunda, kumene amawasefa mpaka kutsala ufa wachikasu. Munthu wodutsa amangoona mapaipi ali yadayada pamtetete. Posafunika kuphulitsa miyala kapena kusuntha phiri, ndalama zolowa n'zochepa kwambiri, ndipo mgodi ngati wa ku Karonga sukanapirira pa mpikisano wotere mtengo utagwa.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Akatswiri a zachilengedwe amadandaula za asidi wotsalira m'madzi a pansi pa nthaka. Ndipo mu 2024 asidiyo atasowa, kampaniyi inalephera kuonjezera yureniyamu monga inkafunira.

Chimene chingapatse chidwi Amalawi kwambiri ndi umwini. Makampani akunja monga Cameco ya ku Canada ndi Orano ya ku France sakumba okha, amalowa m'mgwirizano ndi Kazatomprom. Pa mgodi wa Inkai, mwachitsanzo, Kazatomprom ili ndi magawo 60 pa 100 alionse, Cameco 40. Ku Kayelekera boma la Malawi lili ndi magawo 15 basi. Ngakhale Kazatomprom inayamba kugulitsa masheya ake ku London ndi Astana mu 2018, gawo lalikulu likadali m'manja mwa boma.

Sikuti amangogulitsa ufa wachikasu uja. Fakitale yawo ya Ulba mumzinda wa Oskemen imayenga zitsulo zosowa monga beryllium, niobium ndi tantalum, imene imapezeka m'tizipangizo ta m'kati mwa foni za m'manja. Niobium ndi tantalum ndi miyala yomweyo imene inapezeka ku Kanyika m'boma la Mzimba. Kuyambira mu 2021 fakitaleyi imapanganso mafuta a nyukiliya opita ku malo opangira magetsi a ku China.

Komabe pamene pali chuma chotere, ndale sizikhala patali. Mukhtar Dzhakishev, amene anaikweza kampaniyi kuchoka pa mavuto a zachuma, anamangidwa mu 2009 n'kugamulidwa kukhala kundende zaka 14 pa milandu ya katangale. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu ankati mlanduwo unali wa ndale. Anatuluka mu 2020, thanzi lake litafooka.

Mtengo utakakamira pansi, Kazatomprom yomweyo inachepetsa dala kakumbidwe kake kuyambira mu 2017. Pang'onopang'ono mtengo unadzuka, mpaka kudutsa madola 100 pa paundi kumayambiriro a 2024, ndipo mu 2025 kampani ya Lotus Resources, imene inagula Kayelekera kwa Paladin, inatsegulanso mgodiwo.

Chodabwitsa n'chakuti Kazakhstan payokha ilibe malo opangira magetsi a nyukiliya amene akugwira ntchito. Anthu ake sanaiwale mabomba oposa 450 amene boma la Soviet Union linayesera ku Semipalatinsk pakati pa 1949 ndi 1989. Mpaka panafunika riferendamu mu Okutobala 2024 kuti avomereze zomanga malo oterewo m'mbali mwa nyanja ya Balkhash.