DZANJA LA CITSULO PANSI PA NYANJA YA MCERE

Nkhani ya sabata ino ifotokoza za makina amene anthu ambiri sadzawaona ndi maso, pakuti malo ao a nchito ali pansi pa nyanja ya mcere, mumdima, kumene kulibe mmisiri wowayang'anira. Komatu anthu a ku Migodi sadzabvutika kuimva, cifukwa mdani wa makinawa ndiye mdani wao yemwe, madzi. Pa mgodi wa Konkola ku Chililabombwe mapampu aturutsa madzi oposa matani 300,000 tsiku liri lonse, ndipo ataleka nchito yao mgodi ungamire. Kumeneko kuli mipaipi yambiri, ndi zitseko za m'mipaipi zimene amisiri azicha mavalavu. Pofuna kutseka madzi, munthu apita pa valavu, nagwira gudumu lace ndi manja awiri, napotoza.

Tsono alipo mavalavu ena amene munthu sangafikepo. Gasi wambiri, ndi mafuta amene apangira petulo ndi dizilo, zicokera m'zitsime zobooledwa pansi pa nyanja. Kumpoto kwa Mozambique combo cochedwa Coral Sul cinayamba kutumiza gasi m'caka ca 2022, ndipo zitsime zace ziri pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 2,000. Amuna omira m'madzi ndi zobvala za mpweya agwira nchito kufikira mamita 300 kapena kupitirira pang'ono. Kupyola pamenepo thupi la munthu silithandiza kanthu.

Pakamwa pa citsime ciri conse aikapo cipangizo ca citsulo colemera matani makumi angapo, cimene Angerezi acicha Christmas tree, ndiko kunena mtengo wa Khirisimasi, cifukwa ca mipaipi yace yoturuka monga nthambi. M'kati mwace muli mavalavu otsekula ndi kutseka njira ya gasi. Pa valavu iri yonse amangirirapo makina ogwira nchito m'malo mwa dzanja la munthu. Dzina lao m'Cingerezi ndi actuator. M'nkhani ino achedwa dzanja la citsulo. Nchito yace siyaing'ono ai. Gasi wa m'citsime akanikiza citseko ca valavu kolimba, kotero kuti pocisuntha pafunika mphamvu yokhoza kunyamula matani makumi angapo.

Njira yakale, imenenso ikali yofala koposa, ndiyo ya madzi a mafuta opopedwa m'timipaipi, monga momwe agwirira mabuleki a galimoto. Pampu iri pansanja pamwamba pa nyanja, kapena kumtunda. Timipaipi tamangidwa pamodzi ndi mawaya m'cingwe cimodzi cacikuru cogona pansi pa nyanja. Waya atumiza lamulo, madzi a mafutawo nakankha pisitoni, valavu nitseguka. Njirayi yatumikira bwino zaka zambiri, ndipo siiyenera kunyozedwa. Koma cingwe cikatalika mabvuto acuruka. Ku Norway zitsime za Snøhvit, zimene zinayamba nchito m'caka ca 2007, ziri pa mtunda wa makilomita 143 kucokera pa cisumbu ca Melkøya, kumene akhala oziyendetsa. M'kampaipi kocepa kotalika cotero, madzi a mafuta ayenda mwaulesi, ndipo mphamvu yao icedwa kubwerera ikagwiritsidwa nchito. Pakadontha pamodzi, kupeza malowo ndi nchito yowawa. Ndiponso pa zitsime zambiri madzi a mafutawo atayidwa m'nyanja nthawi iri yonse valavu ikatsekedwa, kotero kuti afunika kugulidwa ndi kudzazidwa kosaleka.

Cifukwa cace amisiri anafunsa kuti, popeza waya wa magetsi afika kale pa citsime kukapereka lamulo, alekeranji kugwira yekha nchito yonse?

Dzanja la magetsi liri ndi ziwalo zitatu. Coyamba ndi mota, ndiwo mawaya a mkuwa okulungidwa mozungulira, mkuwa wonga uja ukumbidwa ku Nchanga ndi ku Mufulira, ndi citsulo ca maginito cozungulira pakati pao. Mota izungulira msanga koma mphamvu yace yopotoza njocepa. Caciwiri ndi magiya, amene acepetsa liwiro nacurukitsa mphamvu, monga giya yoyamba ya lole pokwera phiri. Cacitatu ndi bauti lalikuru ndi nati yace, zimene zisandutsa kuzungulira kukhala kukankha kolunjika. Amene anakwezapo galimoto ndi jeke yopotoza adziwa cinsinsi cimeneci: dzanja lizungulira kambiri, galimoto nikwera pang'ono pang'ono, koma ikwera ndithu. Pakati pa bauti ndi nati aikamo timipira kapena timipukutu ta citsulo kuti mphamvu isathere m'kukhulana kwa zitsulo.

Ubwino wace waukuru uli pa kudziwa. Kacipangizo kena kawerenga kuzungulira kwa mota, kotero munthu wokhala pa kompyuta kumtunda aona pamene citseko cafika, kapena pa theka, kapena pa mapeto. Aonanso magetsi amene mota yadya. Valavu ikayamba kulimba cifukwa ca mcenga kapena zokakamira, mota idya magetsi oposa a mwezi wathawo, ndipo amisiri acenjezedwa cisanaonongeke cinthu. Pa valavu yocepetsa kapena kuonjeza gasi woturuka, imene isunthidwa kawirikawiri, dzanja la madzi a mafuta liyenda ndi timasitepe, kamodzi kamodzi, ndipo litha mphindi zambiri. La magetsi lipita pomwe lauzidwa niliima.

Koma mota ndi madzi a mcere sizigwirizana, ndipo apa ndipo pagona nzeru. Kulemera kwa madzi kuonjezeka ndi kilogalamu imodzi pa malo a ukuru wa cikhadabo, mamita 10 ali onse potsika. Pa mamita 2,000 malo ang'ono amenewo asenza makilogalamu 200, ndiwo matumba anai a simenti pa cikhadabo cimodzi. Munthu akatsekera mota m'bokosi la mpweya, madzi adzafuna polowera usana ndi usiku, makamaka pamene mtengo wozungulira uturukira kunja, ndipo tsiku lina adzapapeza. Amisiri anaona kuti kulimbana ndi nyanja nkwacabe. Adzaza bokosilo ndi mafuta osapitirira magetsi, osasiyamo mpweya, nalumikizako thumba la mpira lofewa. Nyanja ikanikiza thumbalo, thumba likanikiza mafuta, ndipo mphamvu ya m'kati ilingana ndi ya kunja. Citini copanda kanthu ciphwanyika pansi pa nyanja, koma codzala ndi mafuta cifika cabwinobwino ngakhale khungu lace ndi lopyapyala. Kasipuling'i kakang'ono kaonjezera mphamvu ya m'kati pang'ono cabe, kuti pakakhala podontha, mafuta aturuke, madzi asalowe.

M'mafutamo makala aja okhudza mkuwa wozungulira, amene amisiri a magetsi awasintha kawirikawiri pa mota zakale, sagwira bwino, ndiponso aperepeseka. Pansi pa nyanja palibe wowasintha. Cotero mota zambiri za nchitoyi ziribe makala, ndipo tizipangizo ta magetsi ndito tigawira mphamvu ku mawaya a mkuwa, gulu ndi gulu m'nthawi yace. Tizipangizoto kawirikawiri tikhala m'botolo la citsulo cocindikala, louma m'kati. Kuzizira kwa pansi pa nyanja yakuya, pafupifupi madigiri 4, kuthandiza kuziziritsa mota, ngakhale kulimbitsa mafuta.

Mcere nao udya citsulo. Mankhwala ace ndi akale. M'caka ca 1824 Humphry Davy wa ku England, yemwe uja anapanga nyali yosayatsa mpweya woipa m'migodi ya malasha, anaonetsa kuti kacidutswa ka zinki kapena citsulo kokhomedwa pa mkuwa wokuta zombo kadyeka m'malo mwa mkuwawo. Kufikira lero zipangizo za pansi pa nyanja zipacikidwa zidutswa za zinki kapena aluminiyamu, kuti dzimbiri lithere pa izo.

Tsono funso loposa onse, limene moyo wa anthu utsamira, ndi ili: magetsi akazima, kapena nangula wa combo akadula cingwe, valavu idzatani? Woyendetsa cikepe ca mgodi adziwa yankho loyenera. Mabuleki a injini yokweza cikepe agwira okha ndi masipuling'i kapena zitsulo zolemera. Mphamvu ya makina ingowaletsa kugwira. Mphamvuyo ikacoka, mabuleki agwira, anthu a m'cikepe napulumuka. Pa 23 Januwale 1960 Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsika m'combo cao Trieste kufikira pafupifupi mamita 10,900, pa malo akuya koposa a nyanja ya Pacific, atadalira nzeru yomweyo. Combo cinalemetsedwa ndi matani a timipira ta citsulo togwidwa ndi maginito a magetsi. Magetsi akanafa, timipirato tikanatayika tokha, combo nkuyandama kubwerera kumwamba.

Dzanja la madzi a mafuta lipambana pa mfundo imeneyi, pakuti mwacibadwa cace litseka lokha. Potsekula valavu pisitoni ipanikiza sipuling'i yaikuru. Mphamvu ikatha, sipuling'i ibweza citseko. Bauti ndi magiya sizitero, zikhala pomwe zasiyidwa. Opanga manja a magetsi apeza njira ziwiri. Ena asunga sipuling'i: mota iipanikiza potsekula, ndipo kaloko ka maginito kaigwira ndi magetsi ocepa ndithu, magetsi akazima kaloko kamasuka, valavu nitsekeka. Ena acotsa sipuling'i, imene iri yolemera ndi yodya malo, naika mabatire pansi pa nyanja pomwepo. Makinawo akaona kuti kumtunda kwakhala cete, atenga mphamvu m'mabatire natseka okha. Njira yaciwiriyi ipeputsa cipangizo, koma sipuling'i siifuna kukumbutsidwa nchito yace, pamene batire lifuna kuyesedwa masiku onse. Ncifukwa cace opanga aika zinthu ziwiriziwiri, mawaya awiri ndi tizipangizo tiwiri, kuti cimodzi cikafa cinzace cigwire.

Amene aopa mabatire ali ndi cifukwa. Pa 20 Epulo 2010 nsanja yoboolera yochedwa Deepwater Horizon inaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico, ndipo amuna 11 anafa. Pakamwa pa citsime, mamita pafupifupi 1,500 pansi pa madzi, panali cipangizo cacikuru coyenera kudula mpaipi ndi kutseka citsime pa ngozi yotere. Cinali ca madzi a mafuta, colamulidwa ndi magetsi, ndipo sicinatseke. Mafuta anatayika m'nyanja masiku 87, kufikira pa 15 Julaye. Ofufuza anapeza kuti mpaipi unapindika m'kati, mipeni nilephera kutseka bwino. Anapezanso kuti batire limodzi linali lofoka, ndi kuti kavalavu kena ka magetsi kanalumikizidwa molakwa. Kanthu kakang'ono kamene mmisiri akanakakonza pa ora limodzi kakanakhala pamtunda, pansi pa nyanja kakhala kobisika kufikira tsiku la tsoka.

Mtengo wa Khirisimasi woyamba woyenda ndi manja a magetsi unaikidwa m'caka ca 2008 pa zitsime za gasi zochedwa K5F, m'nyanja ya North Sea kufupi ndi dziko la Netherlands. Anaupanga a Cameron, eni zitsime anali a Total. Madzi a pamenepo ngosaya, mamita ngati 40, ndipo kuyesera pa malo otere kunali kwanzeru, popeza cinthu cikabvuta omira m'madzi akhoza kufikapo. Ngakhale pamenepo valavu imodzi inatsalabe pa njira yakale, ndiyo ya m'kati mwa citsime mweni mweni, pansi pa nthaka, imene iri mlonda wotsiriza mtengo wonse ukathyoka. Kumeneko malo ngopanikizika ndiponso kutentha nkwakukuru. Panapita zaka 8, ndipo m'caka ca 2016 citsime cacitatu ca K5F cinalandira valavu ya magetsi ya m'katimo, cosafunanso kampaipi ka madzi a mafuta ngakhale kamodzi. Ku Norway nako, pa zitsime za Åsgard, makina opanikiza gasi anayamba nchito pansi pa mamita pafupifupi 300 m'caka ca 2015, ndipo mavalavu ao asunthidwa ndi manja a magetsi.

Komabe zitsime zambiri za pansi pa nyanja zikali pa njira yakale. Ena ati eni makampani ndi amantha. Koma cipangizo cotere ciyenera kugwira nchito zaka 20 kapena 25, ndipo kubwereka combo cokakonza kudya ndalama zambiri tsiku liri lonse, pamodzi ndi gasi wosagulitsidwa masiku amenewo. Munthu wosenza mlandu wotere safulumira kutaya cinthu cimene acidziwa.

Cifukwa ca mtengo umenewo manja ambiri a magetsi apangidwa kuti azizulidwa paokha, osakweza mtengo wonse. Combo citsitsa pa cingwe makina osambira opanda munthu, ochedwa ROV, okhala ndi nyali, makamera ndi mikono iwiri. Woyendetsa akhala m'cipinda ca m'combo, maso ali pa galasi. Makinawo amasula dzanja lofa, naika latsopano, nalumikiza mapulagi opangidwa mwa njira yakuti alowane m'madzi momwemo mcere osakhudza mkuwa. Ndipo pa valavu iri yonse opanga asiyapo mutu wa citsulo woonekera kunja, kuti magetsi ndi mabatire zikakana zonse, ROV igwirepo ndi sipanala yace nipotoze, monga acitira munthu pa gudumu ku Konkola.