Madzi a m'Migodi ndi Madamu a Pafupi ndi Mseu

Kodi munakumbapo dzenje pafupi ndi dambo? Mukakumba pang'ono cabe, madzi amayamba kutuluka pansi. Tsono taganizirani anthu okumba mkuwa, amene amatsika mamita mazanamazana pansi pa nthaka. Mdani wao wamkulu ndiye madzi.

Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe ndi umodzi mwa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse lapansi. Tsiku lililonse mapampu amatulutsamo madzi oposa makyubiki mita 300,000. Kyubiki mita imodzi imadzaza madiramu asanu a malita 200. Mukawerengetsa mudzapeza madiramu 1,500,000 pa tsiku limodzi! Mapampuwo atati aleke nchito, mgodi ungamire. Nanga madzi onsewo amapita kuti?

Coyamba, madzi a m'mgodi amayenera kuima m'maiwe kuti matope akhazikike pansi, monga mmene amayi amasiyira madzi a ku mtsinje mumtsuko kuti adikhe. Caciwiri, ngati muli asidi, anchito amathiramo laimu kuti aphe ukali wace. Cacitatu, amawapima, ndipo akaona kuti ali bwino amawatulutsa pang'onopang'ono m'timitsinje topita ku Kafue.

Pa migodi palinso madamu a mtundu wina. M'menemo amatayamo matope otsala akagaya miyala ndi kucotsamo mkuwa. Matopewo amakhala osakanizika ndi madzi ndi mankhwala, ndipo kunja kwace kumaoneka kouma pamene m'kati muli mofewa ngati phala.

Tsopano tiyeni ku mseu waukulu wocokera ku Kitwe, wodzera ku Chambishi, Chingola ndi Chililabombwe, kukafika ku malire a Congo pa Kasumbalesa. Mseu umenewu umadutsa m'dera la migodi, ndipo mabasi ndi malole olemera amayendamo usana ndi usiku. Pansi pa mseu pali mipope ndi milatho yopitamo madzi, koma iliyonse ili ndi muyeso wace. Madzi a ku mgodi akatulutsidwa ambiri nthawi imodzi, makamaka m'dzinja, mipopeyo imalephera kuwameza. Madzi amaima m'mbali, nafewetsa dothi lonyamula tala, mpaka mseu umadumuka. Woyendetsa galimoto usiku sangaone ngozi yotere msanga.

N'cifukwa cace damu silidzazidwa mpaka pakamwa. Amasiya mpata wolandira madzi a mvula, namanganso ngalande yapadera yotulukira madzi osefukira, kuti asadumphe cipupa ndi kucikokolola. Akatswiri amayendera cipupaco kufunafuna ming'alu ndi malo odontha. Bungwe la ZEMA, loyang'anira zacilengedwe, ndi Dipatimenti ya Citetezo ca m'Migodi ndiwo amaona ngati malamulo akutsatidwa.

Dziko lathu linaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 25 September 1970, matope a m'damu lina ku Mufulira anaboola nthaka nagwera mumgodi, ndipo amuna 89 anafa. Pa 18 February 2025, cipupa ca damu la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi cinagumuka. Madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, cimanga cinapserera m'minda, ndipo mipope ya madzi akumwa ku Kitwe inatsekedwa kwa kanthawi.

Nanga inu ana mungacitepo ciani? Musasambe, kuwedza kapena kumwetsa ziweto m'damu la mgodi, ngakhale madzi ace aoneke oyera bwanji. Musayende pa matope ace, pakuti mungatitimire. Mukaona madzi amatope akutuluka m'munsi mwa cipupa, kapena nsomba zakufa, kapena madzi akudzaza m'mbali mwa mseu popanda mvula, cokanipo, thawirani ku mtunda, ndipo mukauze aphunzitsi kapena makolo kuti adziwitse apolisi. Musaimirire kuti muonerere.

Aphunzitsi, pitani ndi ana pabwalo. Aumbe kadamu ka dothi, ndipo kumunsi kwace aumbe kamseu kokhala ndi bango pansi pace. Thirani madzi pang'onopang'ono, kenaka khuthulani ndowa yonse nthawi imodzi. Ana afotokoze okha cimene cacitikira mseuwo, ndiponso anene zimene angasinthe kuti upulumuke.