Alick Nkhata, Mwini Dzina la Mseu wa ku Mass Media

Ambiri amene amadutsa mu mseu wa Alick Nkhata mu mzinda wa Lusaka, komwe kuli nyumba ya mphepo ya ZNBC, sadziwa kuti mwini dzinali anali katswiri woimba ndi gitala.

Bambo Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atabwerako ku Burma, komwe anali msilikali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anathandiza a Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo. Pambuyo pake analowa nchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Service mu Lusaka.

Masiku amenewo nyimbo za country ndi swing zocokera ku America zinali kumveka kwambiri pa magalamafoni. Iwo sanangotengera ai. Anaphatikiza kaimbidwe kameneko ndi nyimbo za kumidzi, namaimba m'Cibemba ndi m'Cinyanja, ndipo anthu anali kuwamvera pa timawailesi tochipa ta Saucepan Special, tomwe tinafika mu 1949. Gulu lao la Lusaka Radio Band linadzadziwika kuti Big Gold Six.

Anaphedwa mu Okutobala 1978 ku Mkushi, komwe anali ndi famu, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ku Zimbabwe.