Mkulu Woweruza ndi Migula ya m'Mapulazi

Abale athu a ku Malawi okhala m'mapulazi a Mazoe ndi Lomagundi, tiyeni tikumbutsane ciyambi ca migula imene makolo athu anakumba m'dziko lino.

Fodya ndi cimanga zitacuruka ku Mashonaland, nthaka inayamba kukokoloka, ndipo mvula inang'amba zigwembe m'minda. M'caka ca 1938 Boma la Southern Rhodesia linaitana Sir Robert McIlwaine, woweruza wodziwa malamulo a madzi, mkulu wa zaka zoposa 65, kuti atsogolere kagulu kofufuza vutoli. Kaguluko kanapereka mau ace mu 1939, ndipo mu 1941 kunabadwa lamulo losunga nthaka ndi madzi, pamodzi ndi bungwe la Natural Resources Board, iye nakhala pa mpando wace.

Pamenepo Azungu a mapulazi anapangana m'zigawo zao kuchinga minda ndi migula ndi madamu, Boma liri kuwathandiza ndi ndalama. Koma m'maiko osungidwira anthu akuda lamulo lomwelo linadza ndi cikakamizo ndi kucepetsa ng'ombe.

Mkuluyo anamwalira mu 1943. Nyanja yotsekedwa pa mtsinje wa Hunyani mu 1952 anaicha dzina lace. Lero ndiyo Chivero. Nzeru zace sitizikana ai. Koma mutu umodzi susenza denga: makasu ndi mafosholo ambiri anali m'manja mwa anyamata a ku Dedza, Ncheu ndi Tete, kapitao ali pambuyo pao. Maina ao sanalembedwe pa mwala. Cifukwa cace ife tiziwachula kwa ana athu, pakuti tikaleka ife, adzawachula ndani?